Chule Woima pa Chala Chimodzi

1. Kabati ya a Thackray

Bryony Tattersall analowa m'nyumba mwa a Thackray akulongolola monga mwa nthawi zonse. Mtsikana ameneyu pakamwa sipankapuma, moti ngakhale aphunzitsi ake a ku sekondale anali atatopa naye. Koma atangoponda m'chipinda chochezera n'kuona kabati ija, mawu onse anathawa. Anangoti kukamwa yasa.

"Tatseka pakamwapo iwe," anatero mayi ake amene anamuperekeza. "Palowa ntchentche."

Bryony sanawamve n'komwe.

Kabatiyo inali yagalasi, yotalika mpaka kudenga, ndipo m'kati mwake munkayaka tinyali. Pa shelefu iliyonse panali timu ya mpira. Osewera ake anali tizidole ta mtovu, kalikonse msinkhu wake ngati chala chachikulu cha kumanja. Panali timu ya ziphona za mano otulukira kunja. Panali timu ya makoswe oyenda ndi miyendo iwiri. Panalinso ina ya mafupa okhaokha ovala zipewa zachitsulo, ngati kuti munthu wofa kale angaopenso kuvulala mutu.

Kwathu kuno ku Nottingham okonda tizidole timeneti tilipo ambiri, ndipo anthu ena amati mitu yathu sigwira. Mwina akunena zoona. Loweruka lililonse masana timakwera masitepe a holo ya tchalitchi, kuyala bwalo la mpira logawidwa m'mabokosimabokosi patebulo, n'kumaseweretsa tizidole tathu poponya dayisi, mvula ili waa panja. Bryony analowa m'gulu lathu chilimwe chathachi. Timu yake inali ya achule apulasitiki amene anawapaka penti yekha, ndipo anaitcha Achule a ku Trent potengera mtsinje wathu uja. A Thackray, mkulu amene anayambitsa gululi Bryony asanabadwe, anawayang'anitsitsa achulewo tsiku lina, kenaka anati, "Uwauze mayi ako adzabwere nawe kwathu." Ulendo wake ndiwo unali uwu.

"Usangoima potero, kabakha kanga," anatero mkuluyo, monga mmene timaitanirana kuno. "Tsekula, utenge chimodzi wekha. Galasi lokulitsira lili pamwamba pa wailesipo."

Bryony anatenga chiphona chimodzi mosamala ngati dzira, n'kusendeza galasi lija. Chiphonacho chinkamuyang'ana! M'diso mwake, diso losaposa kanjere ka mpiru, munali mwanadiso wakuda bii, ndipo pa iyepo panali kadontho koyera, monga diso lenileni limawalira. Nsapato zake zinali ndi matope, ouma cham'mwamba, onyowa cham'munsi. Pamalaya panali chigamba, ndipo ulusi wosokera chigambacho unkaoneka umodziumodzi.

"Zonsezi ndi bulashi?" anafunsa monong'ona.

"Bulashi ndi kuleza mtima. Bulashi ndiye amagulitsa kusitolo."

Anabweza chiphona n'kutenga khoswe. Anabweza khoswe n'kutenga wamafupa. Tiyi wake anazizira m'kapu, mabisiketi osawakhudza. Kenaka anaona chinthu chimene chinamukhumudwitsa. Pafupifupi kachidole kalikonse kanali ndi bala. Apa penti wapalika pamphuno, apo mtovu ukuonekera pachigongono.

"Nanga bwanji simukonza izi? Zokongola chonchi!"

"Zimenezo ndi zipsera za m'bwalo. Onsewo anasewera, ndipo onsewo anagwapo," anayankha a Thackray. "Tsono tsekula dirowa ya m'munsiyo. Upeza kampango koyera."

M'kampangomo munali chule wa mtovu, wotuwa mbuu, wosapakidwa penti ngakhale pang'ono. Anaima chilili, manja atatambasula ngati akudikira mpira. Koma nkhope yakeyo! Inali nkhope ya chule amene wamva nthabwala m'tchalitchi ndipo akudziletsa kuseka.

"Ameneyo anaumba ndi malemu mkazi wanga Enid. Ankagwira ntchito pa kampani ina yaing'ono yopanga tizidole, kuseri kwa siteshoni. Kampaniyo inatsekedwa, chikombole chake chinatayika. Padziko lonse lapansi, chule wotere watsala yekhayu. Timu yako ilibe wowakha mpira. Mtenge. Ndikufuna ndimuone akusewera."

"Ayi, a Thackray, zimenezo zamukulira mwanayu," anatero mayi ake.

Bryony ankangomutembenuza chule uja uku ndi uku. "Chule saima chonchi," anatero mwadzidzidzi. "Chule amalumpha. Nditadula apa ndi apa, n'kupinda mwendo uwu, akhoza kuima pa chala chimodzi, mpira uli m'mwamba."

"Bryony! Anthu akukupatsa chinthu cha malemu, iwe n'kumakamba zodula?"

Koma a Thackray anaseka mpaka kutsokomola. "Musiyeni, mayi. Enid naye ankadula chilichonse chimene chamugwera m'manja. Udule ndithu. Koma khala pansi kaye ndikutsine khutu."

2. Mawu a mkulu

"Tamvera, kabakha kanga. Zidole zilipo za mitundu iwiri. Pali zongoika pamwamba pa kabati kuti alendo azigoma nazo. Ndiye pali za m'bwalo. Ukamapanga wosewera mpira, usamaganize za tsiku limene adzagoletse chigoli. Uziganiza za tsiku limene adzagwe, chifukwa kugwa kokha adzagwa ndithu.

"Lamulo la gulu lathu ukulidziwa. Wosewera akagwetsedwa, timamugoneka chagada pabokosi lake lomwelo. Akakomoka, timamugoneka chafufumimba. Kwina amangoika kabatani pambali, chidole chili chiimire ngati palibe chachitika. Ife ayi. Tinagwirizana kalekale kuti wogwa azioneka kuti wagwa. Ndipo womugoneka ndi mwini wake, ndi dzanja lake. Palibe amene amakhudza chidole cha mnzake.

"Tsono mtovu ndi wolemera. Ukadula mwendo n'kuumatanso ndi guluu yekha, uona ngati wagwira. Uugwedeza, upeza uli nganganga. Usanamizike. Guluu amagwira chinthu chikaima. Chikagona, kulemera konse kumathamangira pamfundo paja, ndipo guluu amasiya osatsanzika. Mankhwala ake ndi waya. Umabowola kadzenje uku, kadzenje uko, n'kulowetsa kawaya pakati kuti kakhale fupa lake. Ndi ntchito yotopetsa, ndipo palibe amene adzakuyamikire, chifukwa waya saoneka. Koma ndi iyeyo amene amanyamula zonse zimene anthu amaziombera m'manja.

"Ndiye ukadula n'kupinda, usathamangire penti. Ubwere naye kaye ku holo Loweruka. Ndidzakubwereka kobowolera kanga, ndidzakulozeranso pobowola. Penti pambuyo. Wamva?"

"Ndamva," anatero Bryony.

Kumva anamvadi, makutu anali nawo awiri abwinobwino. Koma maso ake anali kale pa mwendo wa chule uja.

3. Patebulo la kukhitchini

Lolemba atangoweruka kusukulu, Bryony anayala nyuzipepala patebulo la kukhitchini n'kutenga kasowo kake kochekera zidole. Poyamba ankadula mwamantha. Koma mtovu unangololera, fumbi lotuwa likuyoyokera papepala.

Anadula pabondo lamanja n'kupinda mwendowo kuti uulukire kumbuyo. Kumanzere anadula pakakolo. Phazilo analinyamula chidendene, chala chimodzi chokha n'kutsala chili chigwirire kambale kozungulira kamene chidole chilichonse chimaimapo. Mipata anaitseka ndi phula lathu loumbira lija, limene umasakaniza lachikasu ndi labuluu mpaka lisanduke lobiriwira. Ndi nsonga ya singano yonyowetsa anaumba minofu, makwinya a khungu ndi timatuza ta pamsana. Mpira anaupanga ndi phula lomwelo n'kuukhazika kunsonga za zala za kumanja.

Phula litauma, anadonthezera guluu pakakolo paja, n'kukhazikapo thupi lonse. Anagwirizira kwa kanthawi. Kenaka anachotsa dzanja pang'onopang'ono.

Chule sanagwe. Anali m'malere.

Bryony anadzuka pampando. Anazungulira tebulo. Anagwada kuti amuone cham'munsi. Kulikonse kumene akanamuonera, chuleyo anali akulumpha. Anamugwedeza pang'ono ndi chala, ndipo anali nganganga.

Mayi ake analowa kuchokera kuntchito atanyamula nsomba ndi tchipisi za m'pepala. Anaima pakhomo osavula n'jekete lomwe.

"Mwana iwe," anatero, "uyu ndi wamoyotu uyu."

Nkhani inaipira pamenepa. Loweruka linali likadali kutali. Kupita naye ku holo ali wotuwa, phula lili poyera, kunali ngati kutulutsa mkwatibwi asanasambe. Komanso Loweruka lomwelo Achule a ku Trent anali kudzakumana ndi ziphona za Fergus Whitlam, mnyamata wa pakamwa pakuthwa amene ankatcha achule a Bryony ndiwo za Afalansa, poti Afalansa amadya achule. Ndani sakanafuna kumutseka pakamwa Fergus?

Timabotolo ta penti tinali pomwepo, tandandalika pawindo.

"Ndingopaka woyamba yekhayu," anatero Bryony.

Woyamba anaitana wachiwiri, wachiwiri anaitana abale ake onse. Madzulo aliwonse akaweruka, Bryony ankakhala patebulo lija lilime lili pambali. Anayamba ndi wobiriwira wakuda. Pamwamba pake anapaka wowalirapo, wosungunula ndi madzi, kupaka n'kudikira, kupakanso n'kudikiranso, mpaka msana wa chule unaoneka ngati wangovuuka kumene mumtsinje. Kumimba anaika chikasu. Jezi anaipaka yofiira ndi mizere yoyera. Maso anawasungira komaliza. Anatenga kabulashi kake kakang'ono kwambiri, anagwira mpweya, n'kudontheza kadontho koyera pa mwanadiso aliyense.

Chule uja anamuyang'ana, ndipo Bryony anachita kudzidzimuka ndi ntchito ya manja ake omwe. Anamutcha Mphezi.

"Nanga waya uja ananena a Thackray?" anafunsa mayi ake akutsuka mbale.

"Zili bwino, amayi."

4. Holo iti zii

Loweruka mvula inali kuvumba monga mwa chizolowezi chake. Bryony anakwera basi atakumbatira kabokosi ka timu yake, Mphezi atamukulunga yekha m'chinkhupule. Mu holo munali kale phokoso la madayisi ndi fungo la tiyi ndi majekete onyowa.

"Zafika ndiwo za Afalansa!" anakuwa Fergus atangomuona. "Fulumira aise, ziphona zanga sizinadye m'mawa."

Bryony anangotsekula kabokosi kake. Anatulutsa achule ake apulasitiki mmodzimmodzi. Pomaliza anamasula chinkhupule, n'kuimika Mphezi pakati pa bwalo.

Fergus anaiwala zonyoza. Anawerama mpaka chibwano chinagunda tebulo.

"Iii! Wagula kuti ameneyu?"

"Sindinagule."

"Bodza! Ndiye akuyandama bwanji? Tabwerani mudzaone anthuni!"

Patebulo loyandikana nalo anasiya masewera. Enanso anasiya. Madayisi analeka kulira tebulo ndi tebulo mpaka holo yonse inati zii, kunja kokha mvula ikugogoda mawindo. Akuluakulu a ndevu zoyera, amene anayamba kupaka zidole kalekale ndipo sayamikira chisawawa, anaunjikana mitu pamodzi ngati ana.

"Taonani khungulo, ngati lonyowa."

"Ine maso. Akundiyang'anatu ine."

"Mwana wa sekondale ameneyu? Ndikataye mabulashi anga m'Trent basi."

Kenaka anthu anapatuka kuti a Thackray adutse. Mkuluyo anawerama n'kumuyang'ana Mphezi nthawi yaitali. Ataweramuka, maso awo anali atalengeza misozi.

"Nkhope sunaisinthe," anatero.

"Ayi."

"Wachita bwino. Akadali kudziletsa kuseka." Anatembenukira kwa Bryony. "Koma kobowolera kaja sunatengetu. Unabwereka kwina?"

Bryony anayang'ana nkhope zonse zimene zinamuzungulira. Chibadwire anali asanayang'anidwepo chotero.

"Eee," anatero.

"Waya alimo?"

"Alimo."

Mawu amodzi okha, opepuka ngati nthenga. A Thackray anagwedeza mutu mokhutira n'kukoka mpando kuti akhale pafupi ndi bwalo.

5. Duwa la pakona

Masewera anayamba. Kugoletsa kwake n'kosavuta kumvetsa: wosewera anyamule mpira mpaka awoloke mzere wa kumapeto kwa adani. Chovuta n'chakuti pakati pali ziphona.

Bryony anaimika Mphezi kumbuyo kwenikweni, pakona, kumene ngakhale mpira wosokera sufika. Achule enawo ndiwo anaona zakuda. Fergus akaponya dayisi, chule wagwa. Akaponyanso, wina wakomoka. Bryony ankangogoneka, uyu chagada, uyo chafufumimba, ndipo apulasitikiwo ankadzuka ali bwinobwino. Akaponya mpira kutsogolo, panalibe wodziwa kuwakha. Nthawi yopuma isanakwane, chiphona china chinawoloka mzere mpira uli kukhwapa.

"Chimodzi!" anakuwa Fergus akuvina pampando. "Kodi wa pakonayo ndi wosewera kapena ndi duwa? Tizimuthirira madzi?"

Anthu amene anabwera kudzaona Mphezi anayamba kubwerera kumatebulo awo. Popuma, Bryony anakhala pawindo ndi banzi wokhala ndi tchipisi pakati m'manja, osamuluma. A Thackray anamupeza pomwepo.

"Bryony, chule uja wakhala m'dirowa zaka zambirimbiri," anatero mofatsa. "Enid sanamuumbire dirowa. Ankati ameneyu adzakhala wowakha mpira, ndipo tsiku lina holo yonse idzaimirira chifukwa cha iye. Ndinamutulutsa kuti ndione tsiku limenelo ndikadali ndi maso. Sindinamutulutse kuti iwe umupezere dirowa ina pakona ya bwalo.

"Ndikudziwa, ntchito ya manja ako imawawa. Aliyense wa ife amamva kuwawa akamagoneka chidole chimene wachivutikira. Koma chinthu ukachiopera kwambiri umaleka kuchigwiritsa ntchito, ndipo ukaleka kuchigwiritsa ntchito zimangofanana n'kuti ulibe. Penti akapalika tidzapakanso. Chachikulu unachita kale. Waya alimo. Tsono ukuopa chiyani?"

Bryony anayang'ana banzi wake. Apa ndiye panali poululira, koma pakamwa polongolola paja panangotuluka liwu limodzi.

"Palibe," anatero.

6. Bokosi lomaliza

Chigawo chachiwiri chitayamba, Bryony anatenga Mphezi pakona n'kumuimika kutsogolo, m'mbali mwa bwalo. Nkhani inafala msanga. Anthu aja anabwereranso, ena makapu a tiyi ali m'manja.

Mphezi ankazemba. Chiphona chikasendera uku, iye walowera uko. Bryony ankamunyamula pogwira kambale ka pansi, ndi zala ziwiri, osakhudza thupi. Nthawi inali kutha, ndipo mpata weniweni unangopezeka pa mwayi wake womaliza wosuntha.

Chule wina anatola mpira n'kuuponya patali. Dayisi inavomera. Kuwakha nako dayisi inavomera.

"Wawakha!" anakuwa munthu wina kumbuyo.

Kutsogolo kwa Mphezi kunaima chiphona chachikulu kwambiri cha Fergus, chotseka njira yonse. Panalibe pozembera.

"Alumpha," anatero Bryony.

"Alumphe chiphona changa? Uli bwinobwino iwe?"

Dayisi inagubuduka n'kuima pa madontho asanu ndi limodzi. Bryony ananyamula Mphezi, n'kumudutsitsa pamwamba pa mutu wa chiphona chija, mwendo uli kumbuyo, mpira uli m'mwamba, nyali ya kudenga ikuwala pamsana pake. Kunena zoona, ife tonse amene tinalipo tinaiwala kuti pali dzanja la munthu. Tinaona chule akuuluka. Mipando inakankhidwa, holo yonse inaimirira. A Thackray nawo anali chilili, akumwetulira ngati kamwana.

Bryony anawerenga mabokosi otsala, Mphezi akuthamangira kumzere. Mapazi ake anathera pa bokosi loyandikana ndi mzerewo. Linatsala limodzi lokha.

Lamulo limalola kumukakamiza wosewera kuti aponde bokosi lina loonjezera. Umaponya dayisi, ndipo nambala iliyonse imakupulumutsa kupatula imodzi yokha. Likatuluka dontho limodzi, wosewera wapunthwa. Palibe mmodzi wa ife amene sanalirepo pa bokosi limenelo.

Bryony anaponya. Dayisi inazungulira, inagunda kapu ya Fergus, inapendekeka, n'kugona.

Dontho limodzi.

"Aaa!" holo yonse inabuula pamodzi, ena atagwira kumutu. Kenaka ena anayamba kuseka, chifukwa tsoka limeneli timalidziwa ngati m'bale wathu. Koma Bryony sanaseke. Anangoti ndwii, dzanja lili lende pamwamba pa Mphezi.

Fergus anamuyang'ana, ndipo kwa nthawi yoyamba sananyoze. Anapisa m'thumba n'kutulutsa batani la malaya.

"Aise, tingoika ili pambali pake," anatero motsitsa mawu. "Asagone. Ine sindidandaula. Wokongola kwambiri uyu."

Anthu anatembenukira kwa a Thackray. Mkuluyo sanavomere, sanakanenso. "Timu ndi yake," anatero.

Batani linali pomwepo, pafupi ndi chala cha Bryony. Kungolisendeza pang'ono, Mphezi akanabwerera m'chinkhupule ali wamphumphu, ndipo palibe akanadziwa kanthu. Bryony analikankhira kwa mwini wake.

"A Thackray," anatero, "ndinakunamizani. Waya mulibe. Ndi guluu yekha."



"Koma wagwa," anapitiriza. "Ndiye agone ngati anzake."

Anagwira kambale ndi zala ziwiri, dzanja linalo likuchirikiza msana, n'kumupendeketsa pang'onopang'ono. Mwendo wa kumbuyo uja unakhudza bwalo poyamba. Bryony anasiya mofatsa kwambiri, mofatsa kuposa mmene anagwirira chinthu chilichonse pa moyo wake.

Thyo!

Kanali kaphokoso kakang'ono, koma kanamveka mpaka kumasitepe. Thupi la Mphezi linagubudukira kutsidya la mzere, mpira uli m'manja. Kambale kanagwera kwina, phazi lokha lili pamenepo. Pakati pa ziwirizi panatsala kachibenthu ka mtovu kamene kanabenthuka pakakolo, kochepa ngati njere ya mpunga.

Misozi ya Bryony inagwera pabwalo. "Pepani," anatero. "Pepani, a Thackray. Pepani."

"Undilole ndikhudze?" anafunsa mkuluyo.

Bryony anagwedeza mutu movomera.

A Thackray anatambasula dzanja kuti atole kachibenthu kaja. Dzanjalo linayamba kunjenjemera. Zala zinaphonya. Anayesanso, zinaphonyanso, kachibenthu n'kusendera patali. Analigwira ndi dzanja linalo kuti likhazikike, koma onse awiri ankangonthunthumira pamwamba pa bwalo. Akuluakulu a ndevu zoyera aja anayang'ana kumbali. Iwo ankadziwa kale. Bryony ndiye anali kuona koyamba.

"Tola ndiwe, kabakha kanga," anatero a Thackray akubweza manja awo. "Usakataye kameneko."

Bryony anakatola.

"Za bodza tidzakamba tili awiri. Kugoneka wagoneka bwino, ndipo kumuona ndamuona akuuluka." Anapumira m'mwamba. "Koma tsopano ntchito yakula. Pakakolo pabenthuka, potsala pobowola n'pochepa ngati udzu. Kobowolera kakangoterereka kamodzi, phazi lang'ambika, ndipo Enid palibe woti aumbe lina."

"Ndiye mubowole ndinu," anachonderera Bryony. "Chonde. Ine ndiwononganso."

A Thackray anayang'ana manja awo, kenaka anayang'ana a Bryony.

"Awa anapuma kale ntchito," anatero. "Mawa ubwere kwathu ndi mayi ako, dzuwa likadalipo. Ine ndidzaloza. Wobowola ndiwe."